Mwanayu palibe wamuchita

Kuseri kwa nyumba yathu ku Chilomoni kuli mnyamata wa zaka 7 amene mawu ake onse sakwana asanu. Ndimamuona m'mawa uliwonse ndikamapita kokwerera minibasi. Amakhala pakhonde atapinda miyendo, akundandalika zitsekerero za mabotolo pamzere wowongoka ngati wayeza ndi chingwe, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Ukasuntha chimodzi, kulira kwake kumamveka mpaka kumsewu. Chigayo cha kutsidya chikalira, amatseka makutu ndi manja onse awiri n'kumadzigwedeza. Ukamuitana dzina sacheuka, koma mayi ake akangotsegula pepala la mandasi m'khitchini, amamva ali panja.

Kuchipatala anati ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Achibale ananena zina. Ankhoswe atakhala pansi chaka chatha, akuchimuna anati kumtundu kwawo kulibe zoterezi, ndiye kuti mayi ndi amene anabwera nazo, kapena sanadzisunge ali woyembekezera. Akuchikazi anabweza moto: geni ya matabwa ya bambo wa mwanayo inayamba kuyenda nthawi yomweyo imene mwana anasiya kutchula timawu take, ndiye aliyense aziganizira yekha, kukhwimira kumadziwika. Atatopa kulozana zala, onse anagwirizana pa munthu amene sanalipo kuti adziyankhire, agogo aakazi okalamba a kumudzi ku Chiradzulu. Mayi wa mwanayo anandifotokozera zonsezi akuchapa, osadzutsa mutu. Kenako anafinya chitenje n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndikungofuna kudziwa basi. Wamuchita ndani mwanayu?"

Funso limeneli lili ndi yankho, ndipo anthu akhala akulikumba kwa zaka pafupifupi 50. Chimene chimandiwawa n'chakuti yankholo limathera m'Chingerezi, m'magazini a asayansi, pamene banja la ku Chilomoni likutha ndipo nkhalamba ya ku Chiradzulu ikugona ndi mantha. Ndikukhulupirira kuti kafukufuku wa za chibadwa pa matenda a ubongo si nkhani ya anthu okhuta a kunja ayi. Ndi yathu, ndipo tikuchedwa nayo.

Ndiyambe ndi mawu, chifukwa pano pali msampha. Mabuku ena a Chichewa amalemba kuti "majini" pofuna kutchula tinthu ta m'thupi timene timanyamula chibadwa cha munthu. Tangoganizani dokotala akuuza mayi wa ku Ndirande kuti vuto la mwana wake ndi la majini. Mayiyo atuluka molunjika kwa sing'anga kapena kwa mneneri, ndipo sangaimbidwe mlandu, chifukwa majini amene iye akuwadziwa ndi ziwanda. Ine ndizilemba kuti ma gene, mpaka akatswiri a chiyankhulo atatipezera mawu abwino.

Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo, ndipo m'kati mwa maselomo muli DNA. DNA ili ngati buku la malangizo a kamangidwe ka thupi, lolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa mpaka kukwana pafupifupi 3 biliyoni. Mwana amalandira buku limodzi kwa mayi, lina kwa bambo. Ndime za m'bukumo zimene zimalamula kapangidwe ka mapuloteni zilipo pafupifupi 20,000, ndipo ndizo ma gene. Ntchito yaikulu yowerenga buku lonseli inalengezedwa kuti yatha mu 2003.

Tsono bukuli limakoperedwa nthawi iliyonse imene thupi likupanga umuna kapena dzira. Amene tinaphunzira pokopera notsi pabolodi tikudziwa kuti ngakhale wosamala kwambiri amaphonya chilembo penapake. Mwana aliyense wobadwa, wanu ndi wanga yemwe, amabwera ndi zilembo pafupifupi 60 kapena 70 zimene zasintha, zimene sizili mwa mayi kapena mwa bambo ake. Zambiri zimagwera pamalo popanda vuto, n'chifukwa chake sitizidziwa n'komwe. Koma nthawi zina chilembo chimodzi chimasintha pakati pa gene imene imayendetsa kalumikizidwe ka maselo a ubongo, ndipo mwana amakula mosiyana ndi anzake. Palibe chimene mayi anadya, palibe mwambo umene anadumpha. Kafukufuku wa ku Iceland wa 2012 anasonyezanso kuti zilembo zatsopanozi zambiri zimachokera kumbali ya bambo, ndipo zimachuluka bambo akamakula. Sindikunena izi kuti mlandu usamukire kwa abambo, pakuti nawonso sasankha. Ndikuzinena chifukwa pabwalo la ankhoswe wokhala pakati nthawi zonse amakhala mkazi.

Tisaganize kuti kuloza mayi chala ndi umbuli wa ife tokha. Ku America, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, akatswiri ophunzira, mmodzi wa iwo Bruno Bettelheim, ankaphunzitsa kuti autism imabwera chifukwa cha amayi ouma mtima amene sakonda ana awo. Amayi ambirimbiri anakalamba ndi mlandu umenewo. Chimodzi mwa zimene zinawamasula chinali kafukufuku wa mapasa. Mu 1977, Susan Folstein ndi Michael Rutter ku England anaona kuti mapasa ofanana, amene DNA yawo ndi imodzi, kawirikawiri vutoli limawakhudza onse awiri kusiyana ndi mapasa osafanana, ngakhale onsewo amayamwa bere limodzi n'kukulira nyumba imodzi. Pofika 2020, gulu lalikulu la asayansi linali litatchula ma gene 102 okhudzana ndi autism. Ndipo poti nkhaniyi imazungulira pa WhatsApp, ndinene poyera: katemera sayambitsa autism. Lipoti la Andrew Wakefield la 1998 limene linayambitsa mphekeserayo linachotsedwa mu 2010 ndi magazini ya Lancet imene inalisindikiza, ndipo mwiniwakeyo analandidwa chilolezo cha udokotala.

Mavuto ena magwero ake anapezeka ndendende. Mwana wa Down syndrome amakhala ndi chromosome 21, umodzi wa mitolo ya DNA ya m'maselo, itatu m'malo mwa iwiri, zimene zinadziwika ku France mu 1959. Rett syndrome imagwira makamaka atsikana, amene amakula bwinobwino chaka choyamba kenako n'kuyamba kutaya mawu ndi kagwiritsidwe ntchito ka manja, ndipo mu 1999 labotale ya Huda Zoghbi inapeza kuti gwero lake ndi gene imodzi yotchedwa MECP2. Mwana wotere atabadwira ku Bangwe, woseka ndi kuwomba m'manja kenako n'kuzima pang'onopang'ono, ndi angati mwa ife amene sangaganize za ufiti?

Misala, imene madokotala amaitchula schizophrenia ikakhala ya mtundu womva mawu ndi kukhulupirira zinthu zimene palibe, ili ndi nkhani ina. Palibe gene imodzi ya misala. Mu 2014 asayansi anapeza malo 108 mu DNA okhudzana ndi matendawa, ndipo pofika 2022 malowo anakwana 287. Malo alionse amangowonjezera kachiopsezo kochepetsetsa, ngati timitsinje tambiri totsikira m'dambo limodzi. Tonsefe tili nato tina mwa timitsinjeti. Chimodzi chimene chinandigwira mtima ndi cha mu 2016, cha gene yotchedwa C4. Ubongo wa wachinyamata umadzipalira wokha, kudula tinjira tolumikiza maselo timene sitikugwira ntchito, monga mlimi amapatulira chimanga kuti chotsala chikule bwino. Mitundu ina ya C4 ikuoneka kuti imachititsa kupatulirako kupyola muyezo. Izi zingathe kufotokoza chifukwa chimene matendawa amakonda kuyamba munthu akamatha unyamata, mwana wanzeru wa Fomu 4 kapena wa chaka choyamba ku koleji, uja timati anzake amuchitira nsanje.

Ndikudziwa chimene wowerenga wina akunena mumtima, ndipo ndi munthu wanzeru. Akuti: a wolemba, mukukamba za DNA pamene wodwala khunyu amayenda mtunda kupita kuchipatala chaching'ono n'kupeza phenobarbitone watha. Ana athu ubongo wawo ukuwonongeka ndi malungo, kubanika pobadwa, matenda oumitsa khosi ndi kunyentchera, zinthu zodziwika kale ndi zopeweka. Ndalama yochepa ilipoyo bwanji osagula masikito ndi mankhwala?

Akunena zoona, ndipo umboni wake wambiri unatuluka muno mu Blantyre momwe. Ku Gulupu, pachipatala cha Queen Elizabeth, ndi kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana wa malungo a mu ubongo, imene dziko lonse limaitchula Blantyre Coma Score. Makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, atafika pachipatalachi mu 2008, ofufuza anatha kuona, n'kufalitsa mu 2015, kuti chimene chimapha ana ambiri otere ndi kutupa kwa ubongo. Kafukufuku wina wa pomwepa anapeza kuti mwa ana opulumuka malungowa, pafupifupi mmodzi mwa atatu amatsala ndi khunyu, kulumala kwina kapena kusintha khalidwe. Choncho munthu akandipatsa kwacha imodzi yokha n'kundiuza kuti ndisankhe pakati pa masikito ndi makina owerengera DNA, ndigula masikito osaganiza kawiri.

Koma taonani bwino chitsanzo chomwechi. Zimene dziko likudziwa za malungo a mu ubongo zinadziwika chifukwa anthu ena anakana maganizo akuti dziko losauka lilibe nthawi ya kafukufuku. Anafufuza ana athu, kwathu kuno, ndipo phindu lake linafika pabedi la mwana wodwala. Chimenechi ndicho ndikupempha pa nkhani ya ma gene. Komanso si zoona kuti ma gene ndi nkhani ya mawa. Ali kale m'kabuku ka kuchipatala ka anthu amene timadya nawo.

Malume anga anayamba ma ARV zaka zimene aliyense ankalandira 5A. Patangotha mlungu umodzi anayamba kulota maloto oopsa, kudzuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, ndipo m'mawa ankayenda ngati woledzera chikhalirecho mowa anausiya kalekale. Ankati, "Mphwanga, mankhwalawa akundizunguza mutu." Ena pakhomo anayamba kunong'ona kuti ayamba misala. Mu 5A munali mankhwala a efavirenz, amene chiwindi chimawaphwanya mothandizidwa ndi gene yotchedwa CYP2B6. Mtundu wa gene imeneyi umene umagwira ntchito pang'onopang'ono umapezeka kwambiri mwa anthu a mu Africa kusiyana ndi azungu, ndiye mankhwala amaunjikana m'magazi n'kukafika ku ubongo ochuluka. Mlingo wake unali umodzi kwa aliyense. Kuyambira 2019 dziko lathu linasamukira ku ARV ina yotchedwa dolutegravir pa zifukwa zingapo, ndipo malume anga tsopano amagona tulo. Koma zaka zija anthu angati anasiya mankhwala mwakachetechete, kuopa kupenga?

Pali zambiri zotere. Wasayansi wa ku Zimbabwe, Collen Masimirembwa, anapeza m'zaka za m'ma 1990 mtundu wa gene ya CYP2D6 wofala mwa anthu akuda a kuno kummwera, umene umachedwetsa kuphwanyika kwa mankhwala angapo, ndipo gene imeneyi ndi imene imagwira pa haloperidol ndi amitriptyline, mankhwala a tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu za matenda a maganizo. Pali khunyu ina ya ana yotchedwa Dravet syndrome, yoyamba mwana asanakwanitse chaka, kawirikawiri thupi likatentha. Ambiri a iwo vuto lili mu gene ya SCN1A, ndipo carbamazepine ndi phenytoin, amene amathandiza khunyu zina, amawonjezera kukomoka kwa mwana wotereyu. Dokotala wodziwa zimenezi, ngakhale alibe makina, amayang'ana mwana ndi diso lina. Kudziwa ma gene kumasintha piritsi limene mayi apite nalo kunyumba.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo matope a nkhaniyi ndikuwaopa. Kwathu kuno mawu akuti "ndi za kumtundu" amathetsa chinkhoswe. Banja likadziwika kuti kuli wodwala misala kapena khunyu, atsikana a pakhomopo amavutika kupeza banja, ndipo tinaona kale mmene abambo ena amathawira mwana wachialubino akabadwa, n'kumati si wawo, pamene mwana wotere amabadwa pokhapokha gene yachokera kwa makolo onse awiri. Tikangolalikira kuti matenda a ubongo ali m'magazi n'kusiyira pomwepo, tachotsa mlandu pa agogo n'kuusenzetsa mbumba yonse. Ndiye uthengawo uzipita wathunthu. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi mmodzi amadwala schizophrenia. Kholo limodzi likakhala nayo, mwa ana 10 pafupifupi 9 sadwala. Ngakhale mapasa ofanana, mmodzi akadwala, mwayi woti winayo adwale supitirira theka. Chibadwa ndi dothi chabe, zina zimadalira zimene zagwerapo: mavuto pobadwa, nkhanza za paubwana, ndi chamba, makamaka kwa amene ayamba kusuta ali aang'ono. Mnyamata amene kwawo kuli mbiri ya matendawa ayenera kuuzidwa mwachikondi kuti ndudu imene mnzake amasuta n'kungoseka, iye ingamutengere ku Zomba Mental.

Vuto lalikulu n'lakuti pafupifupi ziwerengero zonse ndatchulazi zinachokera mwa anthu ena. Pofika 2019, mwa anthu amene DNA yawo inagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wamkulu wa mtundu umenewu, pafupifupi 8 mwa 10 anali ochokera ku mitundu ya ku Ulaya, pamene a mitundu ya mu Africa sankakwana 3 mwa 100. Chonsecho mtundu wa anthu unayambira mu Africa, ndipo DNA ya anthu a kuno ndi yosiyanasiyana kuposa ya kwina kulikonse. Mu 2020, ofufuza a H3Africa, gulu lofufuza za ma gene a anthu a mu Africa, atawerenga DNA ya anthu 426 okha a m'mitundu 50, anapeza kusiyana kwa zilembo koposa 3 miliyoni kumene kunali kusanalembedwepo. Njira zoyezera chiopsezo cha matenda zopangidwa kuchokera kwa azungu zimaphonya kwambiri zikayesedwa pa ife. Tikakhala chete, mankhwala ndi zoyezera za zaka zikubwerazi zidzasokedwa pa thupi la wina, ife n'kumavala ngati kaunjika.

Anzathu ayambapo. Chaka chomwecho cha 2020, magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa schizophrenia pakati pa Axhosa a ku South Africa, odwala pafupifupi 900 ndi osadwala pafupifupi 900, ndipo anapeza kuti zilembo zowonongeka mu ma gene a kalumikizidwe ka maselo a ubongo zinkapezeka kawirikawiri mwa odwala kusiyana ndi osadwala. Ntchito ya NeuroGAP, yofufuza ma gene a matenda a maganizo, yasonkhanitsa malovu a anthu masauzande ambiri ku Ethiopia, Kenya, Uganda ndi South Africa. Kuno kwathu kuli Generation Malawi, yotsatira mabanja ku Lilongwe ndi ku Karonga, yoyang'ana za umoyo wa maganizo. Mu Blantyre tili ndi yunivesite ya KUHeS, ma labotale a Malawi-Liverpool-Wellcome, ndi chipatala chachikulu chimene chimaona ana ochokera m'chigawo chonse cha kummwera. Zipangizo zoyambira zilipo. Chimene ndikufuna kuona ndi ana ngati wa ku Chilomoni uja akuwerengedwa nawo.

Koma magazi ndi malovu si nkhani yamasewera m'dziko lino. Tikukumbuka 2017, mphekesera za anamapopa zitachoka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mumzinda muno. Anthu anaphedwa. Mmodzi wa iwo, pamsewu wa ku Chileka, anali mnyamata wa zaka 22 amene achibale ake anati ankadwala khunyu. Nthawi iliyonse ndikaganiza za kafukufuku wotenga magazi a odwala ubongo, ndimaganiza za iyeyo. Mantha a anthu athu pa magazi awo sadzatha powaseka. Amakula pamene galimoto yafika m'mudzi, yatenga timabotolo, yapita, ndipo palibe wabweranso kudzanena chimene chapezeka.

Ndiye wofufuza aliyense, wakuda kapena mzungu, abwere ndi ulemu wa mlendo. Kalata yopempha chilolezo ikhale m'Chichewa chimene agogo angachimve, osati Chingerezi chovekedwa mawu a Chichewa, ndipo wodwala maganizo afunsidwe pamene mutu wake uli bwino, pakhale ndi wachibale amene iye wamusankha. Makomiti oona za kafukufuku, COMREC ndi NHSRC, azifunsa mwamphamvu kuti timabotoloto tikasungidwa kuti, adzatitsegula ndani, ndipo ophunzira athu angati adzaphunzirirapo ntchitoyo. Koposa zonse, zotsatira zizibwerera. Kholo limene lapereka malovu a mwana wake lili ndi ufulu womva chimene chapezeka, ngakhale chitakhala chakuti sitinapeze kanthu. Pamenepa pakufunika anthu amene sitinayambe kuwaphunzitsa mokwanira: anamwino ndi alangizi a zaumoyo odziwa kukhala pamphasa ndi banja lonse, apongozi ali pomwepo, n'kufotokoza za chilembo chosintha chija popanda kusiya munthu wolozedwa chala. Ntchito imeneyi sidikira makina. Ingayambe ku sikelo mwezi wamawa.

Sindikulonjeza mayi wa ku Chilomoni kuti DNA idzachiritsa mwana wake. Autism ilibe piritsi, ndipo ana ambiri akayezedwa ngakhale ku London sipapezeka gene imodzi yoti n'kuiloza. Chimene mwanayo akufunika lero ndi mphunzitsi woleza mtima, sukulu yomulandira, ndi anthu apafupi osamutcha wozerezeka. Koma tsiku lija ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kumuuza zimene ndalemba pano, za mabuku awiri, za kukopera notsi, za amayi a ku America amene anasenza mlandu wabodza zaka makumi awiri. Ndinamuuza kuti palibe wamuchita mwanayo.

Anakhala chete nthawi yaitali, manja ali m'thovu. Mnyamata uja anali pakhonde, akuwonjezera chitsekerero chachikasu kumapeto kwa mzere. Kenako mayi ake anapukuta manja pachitenje n'kundifunsa ngati ndingabwere ankhoswe akamadzakumananso kumapeto kwa mwezi, ndidzanene zomwezi apongozi ake akumva. Anatinso atumiza uthenga ku Chiradzulu kuti agogo aja adzakhalepo.